Aldo Leopold ndi Udzu wa ku Wisconsin

Mwa anthu onse amene ndawerenga mbiri yawo pa nkhani ya zachilengedwe, a Aldo Leopold ndiwo andisiya ndi mafunso ambiri. Anabadwa pa 11 Januwale 1887 ku Burlington, m'chigawo cha Iowa ku America. Atamaliza maphunziro a zankhalango ku Yale m'chaka cha 1909, anagwira ntchito ya boma ku Arizona ndi New Mexico, kumene ankalimbikitsa kupha mimbulu poganiza kuti agwape achuluke. Pambuyo pake maganizowa anawasiya.

Chimene chandikopa ine ndi ntchito yawo ku Wisconsin, kumene anakhala mphunzitsi wa pa yunivesite kuyambira 1933. Kale dera limenelo linali ndi zidikha zikuluzikulu za udzu wautali ndi maluwa achilengedwe, zotchedwa prairie. Pofika nthawi yawo pafupifupi zonse zinali zitalimidwa. Zomera zakale zinangotsala m'mbali mwa njanji ndi m'ngodya za manda, momwe khasu silinafike.

A Leopold ndi anzawo anaganiza zobwezeretsa chidikhacho pa malo a yunivesite ku Madison, amene anatsegulidwa mu 1934. Ntchito yobzala inayamba mu 1936 pa munda woguga. Anyamata olembedwa ndi boma, motsogozedwa ndi a Theodore Sperry, ankakumba zomera ndi dothi lake lomwe, kutola njere ndi kudzafesa. Malowa lero amatchedwa Curtis Prairie. Kunena zoona, ndimaona kuti dzina la a Leopold limaphimba anthu amene anagwiradi fosholo.

Mu 1935 anagula munda wamchenga pafupi ndi Baraboo, m'mbali mwa mtsinje wa Wisconsin. Nyumba panalibe, koma khola la nkhuku, limene iwo ndi banja lawo analikonza n'kumagonamo. Chaka ndi chaka ankabzala mitengo ya paini masauzande, ndipo yambiri inkauma ndi chilala. Zomera za m'chidikha nazo zinawaphunzitsa kudikira. Duwa lotchedwa Silphium limayamba lazika muzu mozama kwambiri, ndipo pamapita zaka zingapo lisanachite maluwa.

Kubzala kokha sikunakwanire. Udzu wachilendo ndi zitsamba zinkapondereza zomera zachilengedwe, mpaka kafukufuku wa a John Curtis ndi anzawo m'zaka za m'ma 1940 anaonetsa kuti chidikha chimafuna moto. Mizu yozama ija imapulumuka n'kuphukanso, pamene timitengo tolowerera timapsa. Kwa ine amene ndinakula ndikumva kuti kutentha tchire n'kuwononga basi, mfundoyi inanditengera nthawi kuti ndiivomereze.

Pa 21 Epulo 1948 moto wa udzu unabuka pa munda wa mnansi wawo. A Leopold anapita kukathandiza kuzimitsa, ndipo anamwalira komweko ndi nthenda ya mtima ali ndi zaka 61. Buku lawo, A Sand County Almanac, linasindikizidwa mu 1949 mwana wawo Luna atalikonza.