Mbusa David Kaunda Anadikira Zaka 25

Munthu wocokera ku Chama akaoloka Luangwa ndi kukwera mapiri a Muchinga, amatsikira m'boma la Chinsali, kumene kuli Mishoni ya Lubwa. Amene anayala maziko a mishoniyo si Mzungu ai, koma mphunzitsi waciTonga, Bambo David Julizya Kaunda.

Iwowa anabadwa m'caka ca 1878 ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ndipo anaphunzira ku Livingstonia m'masiku a Dr Robert Laws. Mishoni imeneyi ndiyo inatumizanso aphunzitsi kwa aSenga a m'cigwa cathu cino. M'caka ca 1904 a Kaunda anali m'gulu la ophunzira amene anakalalikira kwa aBemba. Ulendo utatha onse anabwerera kwao, koma mu 1905 iwo anadzakhazikika ku Chinsali pamodzi ndi akazi ao, Mai Helen a kwa Nyirenda.

Apa mpamene panayambira kudikira. Iwo anali alendo, cinenero cinali cacilendo, ndipo mbusa panalibe. Anatsegula masukulu m'midzi, naphunzitsa anyamata kuwerenga, nawatumiza kukaphunzitsa anzao. Koma mwa lamulo la mpingo munthu wosadzozedwa sangabatize kapena kugawa Mgonero. Motero anthu amene a Kaunda anawaphunzitsa ndi thukuta lao anayenera kuyembekeza mbusa wocokera kutali kuti adzawabatize. Zaka 8 zinatha conco, kufikira m'caka ca 1913 pamene Mbusa Robert McMinn anadzakhala ku Lubwa.

Wina angaganize kuti mphotho inafika pamenepo. Iai ndithu. Amene anali mutu wa nchito yonse anasanduka wothandiza wa Mzungu. Mu 1914 Livingstonia inadzoza abusa ake oyamba aciAfrika, a Yesaya Zerenji Mwasi, a Jonathan Chirwa ndi a Hezekiya Tweya, koma dzina la a Kaunda panalibe. Kunena zoona, amishoni a nthawi ija anali ndi cizolowezi coipa cocedwetsa anthu akuda, ndipo ena anatopa naco. A Mwasi amene anacoka mu 1933 nayambitsa mpingo wao. Palibe angawadzudzule. Koma a Kaunda anasankha njira ina: anakhalabe pa nchito yao, akuyenda pansi m'midzi caka ndi caka, pokhulupirira kuti Mulungu amene anawaturutsa kwao sanaiwale kumene anawaika.

Anadzozedwa ubusa m'caka ca 1930, patapita zaka 25 cifikire ku Chinsali. Anatumikira monga mbusa zaka ziwiri cabe, namwalira mu 1932.

Anasiya mkazi wamasiye ndi ana. Wotsiriza, wobadwa pa 28 April 1924 makolo ake atakhala kale m'banja zaka zambiri, anapatsidwa dzina lakuti Buchizya, ndiye kuti wobwera mosayembekezeka. Pa maliro a atate wake anali ndi zaka 8. Mai Helen sanabwerere ku Nyasaland. Analera anawo konko ku Chinsali, akulima ndi manja ao.

Sukulu ya Lubwa inaphunzitsa a Simon Kapwepwe, ndiponso pa mishoni yomweyo a Paul Mushindo anagwira nchito ndi a McMinn yomasulira Baibulo m'ciBemba, limene linaturuka mu 1956. Mnyamata uja Buchizya, ndiye Kenneth David Kaunda, anakhala Mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia pa 24 October 1964, atate wake atagona m'manda zaka 32.