Mozi: Mmisiri Yemwe Analetsa Nkhondo ndi Lamba ndi Timitengo

Mozi anakhala ndi moyo cha pakati pa zaka za 470 ndi 391 Yesu asanabadwe, pamene dziko la China linali logawikana m'maufumu olimbana okhaokha. Maufumu amphamvu monga Chu ndi Qi ankameza ang'onoang'ono, ndipo mafumu ankaona kulanda dziko la mnzawo ngati ulemerero.

Mozi, yemwe akuti anali mmisiri wa matabwa, anatsutsa maganizowa. Ankaphunzitsa kuti wakuba zipatso m'munda wa mnzake amalangidwa, ndipo wopha munthu mmodzi amatchedwa chigawenga, koma mfumu yopha anthu zikwizikwi pothira nkhondo dziko lofooka imaimbiridwa nyimbo. Kwa iye umenewu unali umbuli wosasiyanitsa choyera ndi chakuda. Mankhwala ake, iye ankati, ndi oti munthu asamalire banja ndi dziko la mnzake monga asamalira lake.

Sanalekeze pa mawu. Ophunzira ake ankaphunzira luso loteteza malinga a mizinda, ndipo ankathandiza maufumu ozingidwa ndi adani.

Buku lotchedwa dzina lake limasimba kuti mmisiri Gongshu Ban anapangira mfumu ya Chu makwerero aatali okwerera malinga a dziko laling'ono la Song. Mozi atamva, anayenda wapansi masiku khumi, usana ndi usiku, kukafika ku likulu la Chu. Pamaso pa mfumu anavula lamba wake kukhala linga, natenga timitengo kukhala zida. Gongshu Ban anayesa njira zisanu ndi zinayi zolowera, zonse zinalephera. Mozi anaulula kuti ngakhale amuphe, ophunzira ake 300 anali kale pa malinga a Song. Mfumu inaleka nkhondoyo.

Pobwerera, mvula inamupeza ku Song komweko, koma mlonda wa pachipata anamukaniza pousa, osadziwa kuti ndi amene wapulumutsa mzindawo.

Ufumu wa Qin utagonjetsa ena onse mu 221 Yesu asanabadwe, chiphunzitso cha Mozi chinazilala. Dzina lake linamvekanso mu 2016 pamene China inalipereka kwa satelayiti yake ya kafukufuku.

Malawi inakhazikitsa ubale ndi Beijing mu Disembala 2007, ndipo Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe inamangidwa ndi thandizo la China. Pa ubale wotere funso la Mozi likadalipo: kodi dziko laling'ono lingadalire chifundo cha lalikulu, kapena liyenera kulimbitsa malinga ake?