Dotolo John Kirk, Munthu Wosatopa ndi Kufunsa

Awerengi athu a ku Salima, makamaka inu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka kufikira ku Senga Bay ndi ku Domira Bay, mumachidziwa bwino chimtambo chakuda chija chimene chimadzuka pakati pa madzi ngati utsi wa moto wa kutchire. Mwana akafunsa kuti kodi moto wayaka bwanji pamadzi, akuluakulu amangoseka, namuuza kuti imeneyo ndi nkhungu. M'chaka cha 1861 Mzungu wina wachinyamata, amene adadutsa pa magombe athu omwewa m'kangalawa kopalasa, adanyengedwa chimodzimodzi. Iye ndi anzake adayesa kuti anthu akutentha tchire kutsidya. Koma tsiku lina atalowa mumtambomo adapeza kuti ndi tizilombo touluka tosawerengeka, kotero kuti adachita kutsinzina ndi kutseka pakamwa. Munthuyo ndiye Dotolo John Kirk, ndipo lero tifuna kukusimbirani za moyo wake.

Adabadwa pa 19 Disembala 1832 m'mudzi wa Barry ku Scotland, ndipo bambo wake adali mbusa wa mpingo. Adaphunzira zaudotolo pa sukulu yaikulu ya ku Edinburgh, natsiriza m'chaka cha 1854. Masiku amenewo wophunzira udotolo ankayenera kudziwanso mitengo ndi zitsamba, pakuti mankhwala ambiri ankachokera ku mizu, makungwa ndi masamba, monga momwe zilili kwa asing'anga a kwathu kuno. Tsono phunziro la zomera ndilo lidamugwira mtima Kirk koposa onse. Pa nkhondo ya ku Crimea adakatumikira m'chipatala cha asilikali ku dziko la Turkey, ndipo akapeza mpata ankakwera m'mapiri kukatola maluwa ndi kujambula zithunzi, ntchito imene idali yachilendo zedi pa nthawiyo.

M'chaka cha 1858, ali ndi zaka 25, adasankhidwa kutsagana ndi Dotolo David Livingstone pa ulendo wa pa mtsinje wa Zambezi. Ntchito yake idali ya pawiri: kusamala odwala, ndi kulemba zomera zonse za m'dziko, makamaka zimene zikadatha kugulitsidwa, monga thonje ndi mitengo ya matabwa. Mu Epulo 1859 awiriwa adafika pa nyanja ya Chilwa, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho adaona nyanja yathu yaikulu pamene Shire amatulukira. Malungo adawazunza ulendo wonse. Ankamwa kwinini, mankhwala owawa ochokera ku makungwa a mtengo wa ku South America, ndipo adawapulumutsa kambirimbiri. Koma chimene chimadzetsa malungo sadachidziwe. Ankayesa kuti ndi mpweya woipa wa m'madambo. Kuti tizilombo ta malungo timayenda ndi udzudzu chidatsimikizidwa ndi Ronald Ross m'chaka cha 1897, patapita zaka 35 chimwalirire Mayi Mary Livingstone, amene Kirk adawadwazika ku Shupanga mu Epulo 1862 koma osatha kuwachiritsa.

Tsoka lina lidamugwera mu Novembala 1860 pa mathithi a Kebrabasa, kumtunda kwa Tete. Bwato lake lidagubuduzika, iye napulumuka chokwawira pathanthwe, koma mabuku ake ndi zojambula za zomera, ntchito ya miyezi yambiri, zidapita ndi madzi. Wina akadataya mtima. Kirk adangoyambanso.

Tsono tibwerere ku nyanja. Atanyamulitsa ngalawa yawo pamutu kulambalala mathithi a Shire, adalowa m'nyanja pa 2 Sepitembala 1861. Adazungulira Cape Maclear, natsata gombe la kuzambwe, kudutsa dziko limene lero ndi boma la Salima, kupitirira Nkhotakota, mpaka kufupi ndi Nkhata Bay. Mphepo idawaonetsa zakuda. Tsiku lina adakhala maola 6 atamangika pa nangula, mafunde akuswekera mbali zonse, osatha kupita patsogolo kapena kubwerera kumtunda. Msodzi aliyense amene mwera udamupezapo pakati pa Mbenji ndi gombe adziwa chimene tikunena. Koma ngakhale pa ulendo wowawa chotere, Kirk sadaleke kufunsa. Akafika padooko ankayang'ana m'makoka ndi m'miono ya asodzi, kufunsa dzina la nsomba iliyonse. Adaona kuti mpasa umakwera m'mitsinje kukaswa, monga umachitira mu Linthipe ndi mu Bua, ndipo poyang'anitsitsa thupi lake adazindikira kuti ndi wa fuko la nsomba zimene Azungu amazitcha carp. Popeza adalibe njira ina yosungira nsomba, ankazisenda, naumitsa zikopa zake. Zikopazo zitafika ku London, katswiri wina dzina lake Albert Günther adazilongosola m'chaka cha 1864, ndipo umo ndimo mpasa, sanjika, tsungwa ndi mtundu umodzi wa chambo zidalowera koyamba m'mabuku a akatswiri. Chimenecho chidali chiyambi chabe, pakuti tsopano zadziwika kuti nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lonse lapansi. Ngakhale mpasa umene Kirk adauona wochuluka, lero wayamba kusowa.

Adayesanso kuya kwa madzi. Malo ena chingwe chawo, chotalika mamita oposa 200, sichidafike pansi. Lero tidziwa kuti chakumpoto nyanjayi imazama mamita pafupifupi 700, ndiponso kuti madzi a pansi penipeni alibe mpweya umene nsomba zimapuma, chifukwa madzi ofunda a pamwamba ndi opepuka, ndipo sasanganikirana ndi ozizira a pansi. Nanga nkhungu ija? Kumpoto adapatsidwa chikate cha nkhungu, ndipo adalawa. Kumene imachokera kudadziwika pambuyo pake: mazira ake amaikidwa pamadzi, naswa timphutsi toonekera ngati galasi, timene masana timabisala kozama, usiku n'kumakwera kudzadya. Tikakhwima timatulukira pamwamba nthawi imodzi, tauluka, ndiye chimtambo chija. Siiluma munthu, ndipo ikauluka moyo wake sukhalitsa.

Koma chimene Kirk amakumbukidwa nacho kwambiri ndi madotolo chidachitika chifukwa cha mswachi wotsukira mano. Alenje a Chimang'anja a ku chigwa cha Shire ankapaka mivi yawo ulembe wotchedwa kombe. Kombe ndi chomera choyanga m'mitengo, chobala zipatso ziwiriziwiri zazitali zonga nyanga, ndipo ulembewo uli m'njere zake, zimene ankazisinja ndi kuzimata kuseri kwa chitsulo cha muvi. Nyama ikalaswa, bango linkagwa, chitsulo n'kutsala m'thupi. Mlenje ankangoitsata mpaka itagwa, nadula nyama ya pabala n'kutaya, yotsalayo anthu n'kudya osaona vuto. Nzeru zonsezi alenjewo adali nazo kalekale Mzungu asanaponde dziko lino. Kirk adasunga kombe pang'ono m'thumba momwe munalinso mswachi wake. Tsiku lina potsuka mano adamva kuwawa m'kamwa, nayesa kuti ndi kwinini, popeza nthawi zina ankatapira kwinini ndi chigwiriro cha mswachiwo. Pa nthawiyo adali ndi chimfine, ndipo mtima wake unkagunda mothamanga. Posakhalitsa adaona kuti kugundako kwatsika, ndipo m'mawa mwake adadzuka ali bwino.

Taganizani, awerengi: ndi angati mwa ife amene tikadangolavula, n'kutsuka mswachi, n'kuiwala? Iye adagwira mtsempha wa padzanja, naganiza, nalumikiza zinthu ziwirizi, kuti ulembe umene umaimitsa mtima wa nyama, ukachepa kwambiri ungathe kuuweta mtima wa munthu. Zomera zimene adatumiza ku munda wa Kew ku London zidapatsidwa dzina la Strophanthus kombe m'chaka cha 1871, ndipo mawu a alenje athu adalowa chomwecho m'dzina la Chilatini. Ku Edinburgh, Dotolo Thomas Fraser adatha zaka zambiri akuyesa ulembewu pa mitima ya achule ndi nyama zina, natulutsamo mankhwala amene adawatcha strophanthin, ndipo m'chaka cha 1885 adalengeza kwa madotolo anzake kuti akuthandiza odwala mtima. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi aka: mtima ndi mnofu umene umafinya magazi kuti ayende m'thupi lonse. Ukafooka umagunda kawirikawiri koma mopanda mphamvu, madzi n'kumadzaza m'miyendo ndi m'mapapo. Mankhwalawa amaupatsa mphamvu pa kufinya kulikonse, nachepetsa liwiro lake. Koma akachuluka pang'ono pokha, mtima umafinya osamasukanso, ndipo munthu amafa monga nyama yolaswa ija. Chifukwa chake tikuchenjezani ndithu kuti wina asayerekeze kudzichiza yekha ndi kombe. Ngakhale madotolo masiku ano adatembenukira ku mankhwala ena osavuta kuyeza.

Njere za kombe zidasanduka malonda. Kampani ya Mandala inkazigula kwa anthu a kuno ndi kuzitumiza ku Ulaya, kumene zinkapangidwa mankhwala a m'mabotolo. Phindu lalikulu lidatsala komweko, ndipo maina a alenje amene nzeruyi idachokera kwa iwo sadatchuke ngati la Kirk kapena la Fraser. Ife tikuona kuti pamenepa padalibe chilungamo chokwanira, ngakhale mlanduwo suli pa Kirk yekha.

Maso omwewo amene ankaona njere ndi mamba a nsomba adaonanso magoli. Mu Julayi 1861 adali nawo m'gulu limene lidamasula akapolo 84 pa mudzi wa Mbame, ndipo pa nyanja adadzionera yekha njira imene anthu ankawolotsedwera kunka ku gombe la Kilwa. Ndi Livingstone sankamvana nthawi zonse. M'mabuku ake a tsiku ndi tsiku adadandaula kuti mkuluyo ankaika miyoyo ya anzake pachiswe. Komabe sadamuthawe, mpaka kamwazi adamufooketsa nabwerera kwawo m'chaka cha 1863. M'chaka cha 1866 adapita ku Zanzibar ngati dotolo, nakwera mpaka kukhala kazembe wa Britain. Ndiye amene adakakamiza Sultan Barghash kusaina pangano la pa 5 Juni 1873, limene lidatseka msika waukulu wa akapolo pa chilumbacho, ngakhale kuno kunyanja malonda oipawo adapitirira zaka zina zoposa 20. Mu Epulo 1874 adali mmodzi wa onyamula bokosi la maliro a Livingstone ku Westminster Abbey.

Ngakhale pa ntchito ya ukazembe sadasiye zomera. Adalima munda woyeserapo mbewu ku Mbweni, napitiriza kutumiza zomera ku Kew. Adapuma pa ntchito m'chaka cha 1887. Mapiri a m'malire a dziko lathu ndi Mozambique, kumadzulo kwa Ntcheu ndi Neno, amatchedwa Kirk Range chifukwa cha iye, ndipo msuku, umene zipatso zake ana amagulitsa m'mbali mwa msewu mvula ikayamba, akatswiri amautcha Uapaca kirkiana. Adamwalira pa 15 Januwale 1922 kunyumba kwake ku Sevenoaks, ku England, ali ndi zaka 89.