Almroth Wright—Dokotala Amene Anayesa Katemera pa Amuna a m'Migodi

M'MATAUNI a Kadoma ndi Chegutu ku Zimbabwe, amene kufikira mu 1982 anali kutchedwa Gatooma ndi Hartley, muli mabanja ambiri olankhula Chicheŵa. Agogo awo anachokera ku Nyasaland, ku Tete, ndi kummaŵa kwa Zambia kudzagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya golidi yonga Cam and Motor ndi Dalny. Ena anapitirira ulendo kufikira ku Joni. Kuchiyambi kwa zaka za zana la 20, chimene chinapha ochuluka a amuna otero sichinali kugumuka kwa miyala pansi pa mgodi. Chinali chibayo. Ndipo pamene katemera wa nthendayi anayesedwa kwa nthaŵi yoyamba pa anthu zikwi zambiri, anayesedwa pa matupi awo, m'makomboni a Johannesburg. Dokotala amene anatsogolera ntchitoyo anali Sir Almroth Wright. Kodi iye anali yani? Ndipo kodi nchifukwa ninji zimene anachita zidakadzutsabe mafunso?

Mwana wa Mtsogoleri Wachipembedzo

Almroth Edward Wright anabadwa pa August 10, 1861, ku Middleton Tyas, kumpoto kwa England. Atate wake anali mtsogoleri wachipembedzo wa ku Ireland ndi katswiri wa Chihebri, ndipo amake anali a ku Sweden. Anaphunzira mabuku ndi zamankhwala panthaŵi imodzimodziyo pa Trinity College ku Dublin, namaliza maphunziro a udokotala mu 1883. Atagwira ntchito m'malo angapo, kuphatikizapo Sydney ku Australia, mu 1892 anaikidwa kukhala profesa pa sukulu ya madokotala a gulu lankhondo la Britain ku Netley.

Kumeneko anasumika maganizo pa tayifodi, nthenda yofalikira mwa madzi ndi zakudya zoipitsidwa ndi zonyansa za munthu. Lingaliro lake linali lakuti ngati tizilombo ta nthendayo taphedwa ndi kutentha ndiyeno kubayidwa m'thupi, mwazi ukaphunzira kulimbana nato popanda munthuyo kudwala nthenda yeniyeniyo. Mu 1896 anayamba kuyesa katemerayo pa anthu odzipereka, ambiri a iwo madokotala achichepere a m'gulu lankhondo. Sitinganene kuti iye anali wosunga khungu lake. Poyesa katemera wina, wa malungo otchedwa a ku Malta, anadzibaya yekha, ndiyeno anadziloŵetsa tizilombo tamoyo kuti aone ngati anali wotetezereka. Sanali wotetezereka, ndipo anadwala kwambiri.

Asilikali Amene Anali ndi Ufulu wa Kukana

Nkhondo ya pakati pa Britain ndi Mabunu itaulika ku South Africa mu 1899, Wright anafuna kuti asilikali onse atemeredwe. Akuluakulu a nkhondo anakana kukakamiza aliyense. Katemerayo anali kuchititsa malungo ndi kutupa kwa tsiku limodzi kapena aŵiri, ndipo mwamuna amene anali kale kuvutika ndi nseru m'sitima ya pamadzi sanali wofulumira kupereka thupi lake ku jekeseni. Chotero okwanira pafupifupi 14,000 okha ndiwo anavomera, pakati pa asilikali zikwi mazana angapo. Pofika kumapeto kwa nkhondoyo mu 1902, tayifodi inali itapha asilikali a Britain oposa 8,000.

Kodi katemerayo anathandiza awo amene anamlandira? Mu 1904 katswiri wa ziŵerengero Karl Pearson anapenda zolembedwa za m'magulu ankhondo napeza kuti umboni wake sunali wokwanira. Vuto limodzi linali lakuti amuna odzipereka okha angakhale anali osamala kwambiri za thanzi lawo kuposa anzawo, kotero kuti kuyerekezera magulu aŵiriwo kukanasokeretsa. Wright, amene ananyoza ziŵerengero moyo wake wonse ndi kukhulupirira kwambiri diso la dokotala wozoloŵera, anamyankha mwaukali. Panthaŵiyo nkuti atachoka kale ku Netley kumka ku St Mary's Hospital ku London, kumene anayambitsa dipatimenti yopanga akatemera.

Mlendo wina wa kaŵirikaŵiri m'labotale yake anali George Bernard Shaw, wolemba maseŵero. Ataona kuti odwala ofuna chithandizo cha Wright anali ochuluka kuposa amene akanasamaliridwa, Shaw analemba seŵero lakuti The Doctor's Dilemma, limene linaonetsedwa mu 1906, lonena za dokotala amene ayenera kusankha wodwala woti ampulumutse ndi woti amsiye. M'chaka chomwecho Wright anapatsidwa ulemu wa kutchedwa Sir.

Chibayo m'Makomboni

Panthaŵiyo eni migodi ya golidi ku Witwatersrand anali pavuto. Gulu lawo lolemba antchito, Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu anangolitcha kuti Wenela, linali kutenga amuna kumaiko otentha a kumpoto, kuphatikizapo Nyasaland ndi kumpoto kwa Mozambique. Amunaŵa anali kufika atatopa ndi ulendo wautali ndiponso atavala zopyapyala, m'dziko lokwezeka limene chisanu chake sanachidziŵepo. Anali kugona mothithikana, ambiri m'chipinda chimodzi, ndi kutuluka m'mgodi wotentha ali thukuta kamukamu kuloŵa m'mphepo yozizira. Ambiri anali asanakumanepo ndi mitundu ya tizilombo ta chibayo imene inali kuzungulira m'komboni. M'zaka zina zoyambirira, mwamuna mmodzi kapena kuposerapo mwa khumi alionse a kumpotoŵa anali kufa chaka chisanathe, ndipo ochuluka anali kufa m'miyezi yoyambirira atafika. Boma linayamba kuwopseza kuti likaletsa kulemba antchito kumaikowo.

Chotero mu 1911 eni migodi anaitana Wright. Iye anafika ndi omthandiza ake ndiponso ndi zinthu ziŵiri zoti ayese. Choyamba chinali mankhwala atsopano a ku Germany otchedwa optochin, a mtundu wa kwinini, amene anali atachiritsa mbeŵa zopatsidwa tizilombo ta chibayo. Ataperekedwa kwa amuna oŵerengeka odwala, ena a iwo anawonongeka maso, ndipo kuyesako kunalekeka. Chachiŵiri chinali katemera wa tizilombo takufa, wopangidwa monga momwe anapangira wa tayifodi. Kuyambira chakumapeto kwa 1911, amuna pafupifupi 50,000 analoŵetsedwa m'kuyesako. Ena anabayidwa, ndipo ena anasiyidwa kuti ayerekezeredwe nawo.

Zotulukapo zake, zimene zinafalitsidwa m'magazini a zamankhwala a The Lancet mu 1914, sizinali zokhutiritsa. Dr. G. D. Maynard, amene anapenda ziŵerengerozo ku Johannesburg, anapeza kuti chitetezo chimene chinalipo chinali cha miyezi yoŵerengeka chabe. Chifukwa chake nchodziŵika tsopano. Kachilombo ka chibayo kali ndi mitundu yoposa 90, uliwonse ndi chikuto chakechake, ndipo thupi lophunzitsidwa kuzindikira chikuto chimodzi silimazindikira chinzake. Katemera wa Wright sanalingalire za kusiyana kumeneku.

Kodi Iwo Akanakana?

Talingalirani magulu aŵiri a amuna amene dokotala mmodzimodziyo anafuna kubaya, m'dziko limodzimodzilo, motalikirana zaka 12 zokha. Msilikali Wachingelezi wa mu 1899 anafunsidwa, ndipo kaŵirikaŵiri anakana. Bwanji nanga za mwamuna wa ku Nyasaland wa mu 1911? Iye anali pa kontrakiti imene mwinamwake anaisaina ndi chala. Anali kukhala m'komboni yolondedwa ndi apolisi a kampani, ndipo sakanayenda popanda pasi. M'chaka chomwecho cha 1911, lamulo lotchedwa Native Labour Regulation Act linatsimikizira kuti kuswa kontrakiti kunali mlandu wolangidwa ndi boma. Dokotala anali wa kampani, chipatala chinali cha kampani, ndipo kwawo kunali kutali makilomita oposa 1,000. Munthu wotero akauzidwa kuima pamzere, amaima.

Ena anganene kuti kufunsa chilolezo cha munthu woyesedwa ndi lingaliro la masiku ano, limene sitiyenera kuweruza nalo anthu akale. Koma mbiri simavomereza zimenezo. Mu 1900, pambuyo pa mlandu wa Dr. Albert Neisser amene anabaya odwala madzi a m'mwazi wa anthu achindoko popanda kuwauza, boma la Prussia linalamula kuti munthu asayesedwe pokhapokha atalongosoleredwa ngozi zake ndi kuvomera momveka. M'chaka chomwecho ku Cuba, Walter Reed anapatsa anthu odzipereka pa kufufuza kwake kwa nthenda ya yellow fever mapepala a pangano, olembedwa m'Chingelezi ndi m'Chispanya, otchula ngozi ya imfa. Motero lingalirolo linali lodziŵika zaka zoposa khumi Wright asanafike ku Johannesburg.

Ndithudi, kunena chilungamo, Wright sanali kuyesa nthenda yachilendo pa anthu osaidwala. Chibayo chinali kupha amuna omwewo, ndipo katemera wogwira ntchito akanawapindulitsa iwo choyamba. Komabe, kodi ndani amene anasankha kuti yankho likhale jekeseni? Chakumapeto kwa 1913 eni migodi anaitana katswiri wina, William Gorgas wa ku America, amene anali atachepetsa imfa za chibayo pakati pa okumba ngalande ya Panama. Uphungu wake wa mu 1914 unali wakuti antchito aleke kuunjikidwa m'zipinda zazikulu, apatsidwe chakudya chabwinopo, ndipo ngati nkotheka, akhale m'nyumba zawozawo ndi mabanja awo. Zina za zimenezi zinachitidwa pang'onopang'ono, koma dongosolo la makomboni a amuna okhaokha linatsala chikhalire. Katemera anali wotsika mtengo kuposa nyumba.

Mu 1913 boma la South Africa linaletsadi kulemba antchito ochokera kumaiko otenthawo. Dr. Spencer Lister anapitiriza ntchito ya Wright, nasiyanitsa mitundu ya tizilomboto, ndipo chidaliro pa katemera wake chinali chimodzi cha zifukwa zimene chiletsocho chinachotsedwera m'ma 1930. Chiletsocho sichinakhudze migodi ya ku Southern Rhodesia, yonga ija ya m'dera la Gatooma ndi Hartley, kumene amuna a kumpoto anapitirizabe kufika, ena mwa kufuna kwawo ndipo ena pa chibalo. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake la mu 1976 lakuti Chibaro, anasonyeza kuti antchito Achiafirika oposa 30,000 anafera m'migodi ya dzikolo pakati pa 1900 ndi 1933, ochuluka a iwo ndi matenda, makamaka chibayo.

Zaka Zake Zomalizira

Wright anachoka ku South Africa mu 1912, kuyesako kusanathe. Mu 1913 anafalitsa buku lotsutsa zoti akazi azivota, limene linamchotsera ulemu kwa ambiri. Nkhondo Yadziko I itayamba mu 1914, anachirikizanso zakuti asilikali akakamizidwe kulandira katemera wa tayifodi. Lamulo lotero silinaikidwe, koma ochuluka kwambiri anatemeredwa, ndipo nthendayo sinasakaze gulu lankhondo la Britain monga inachitira ku South Africa. Pamfundo imeneyi iye anali wolondola. Mkati mwa nkhondoyo anagwira ntchito ku Boulogne, France, akumafufuza zilonda za asilikali pamodzi ndi womthandiza wake Alexander Fleming. Munali m'dipatimenti ya Wright mmene Fleming anatulukira penisilini mu 1928, mankhwala amene pambuyo pake anachiritsa chibayo mwamsanga kwambiri kwakuti kwa zaka zambiri madokotala analeka kusamala za katemera wake.

Wright anapuma pantchito mu 1946 namwalira pa April 30, 1947, ali ndi zaka 85. Mu August chaka chomwecho, oweruza a mlandu wa madokotala a Nazi ku Nuremberg anandandalika malamulo khumi onena za kuyesa anthu. Loyamba linafuna kuti munthu woyesedwa avomere mwa kufuna kwake, atamvetsetsa nkhaniyo, ndiponso ali mumkhalidwe woti angasankhe popanda kukakamizidwa, kunyengedwa, kapena kuwopsezedwa.

Pamene dokotala wa ku America Robert Austrian anafuna kutsimikizira katemera watsopano wa chibayo kuchiyambi kwa ma 1970, nayenso anamka kumigodi ya golidi ya South Africa, popeza kuti nthendayo inali idakali yofala pakati pa antchito ongofika kumene. Katemera ameneyo, wolimbana ndi mitundu 14, anavomerezedwa ku United States mu 1977. Katemera wa mtundu wina woyenerera makanda anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma ku Malaŵi mu November 2011, patapita zaka 100 kuchokera pamene Wright anafika ku Johannesburg, ndipo ku Zimbabwe mu 2012.