William Tweed, mkulu amene adadya ndalama za mzinda wa New York

Kodi mmisiri wopaka pulasitala angalandire madola 133,187 pa ntchito ya masiku awiri okha? Nanga kalipentala angalandire madola 360,751 pa mwezi umodzi, pa nyumba yoti matabwa ake ngowerengeka? Izi zidalembedwa m'mabuku a ndalama a mzinda wa New York, m'dziko la America, ndipo amene adali kuseri kwa zonsezi ndi William Tweed.

Tweed adabadwa pa 3 April 1823 mumzinda womwewo. Bambo ake ankakhoma mipando, ndipo iye adasiya sukulu akadali wamng'ono n'kuyamba kuphunzira ntchito yomweyo. Koma mtima wake sudali pa mipando yokhoma.

Ali mnyamata adatsogolera gulu lozimitsa moto la anthu ongodzipereka. Masiku amenewo magulu otere ankalimbirana moto mpaka kuswana zibakera nyumba ili mkati moyaka. Apa mpamene andale adamuona kuti ndi munthu wodziwa kusonkhanitsa anthu. M'chaka cha 1851 adasankhidwa kukhala khansala, m'khonsolo imene anthu adaipatsa dzina loti mbava 40. Adakakhalako phungu ku Washington kuyambira 1853 mpaka 1855, koma kumeneko sadachedweko. Chuma chidali kumudzi.

Mphamvu zake zenizeni zidachokera ku Tammany Hall, bungwe limene linkayendetsa chipani cha Democratic mumzindawo. Anthu osauka, makamaka obwera kumene kuchokera ku Ireland, ankawapezera ntchito, malasha a m'nyengo yozizira ndiponso zikalata za unzika. Iwo ankabweza ndi mavoti. Kwa mayi wamasiye amene ana ake agona ndi njala, Tweed adali mpulumutsi, ndipo n'zovuta kumudzudzula mayi woteroyo. Chimene sankadziwa n'chakuti malashawo adali nyenyeswa chabe za msonkho wotengedwa kwa anthu omwewo.

Chinyengo chake sichidali chovuta kumvetsa. Aliyense wofuna kontrakiti ya khonsolo ankauzidwa kuti akweze mtengo. Ndalama zikatuluka, kontrakitala ankatenga zake, zotsalazo n'kubwezera Tweed ndi anzake. Tweed adalinso ndi gawo m'kampani yosindikiza mabuku imene inkapatsidwa ntchito za khonsolo, ndiye kuti ankagula yekha katundu amene akugulitsa yekha.

Pamene chinyengochi chidaonekera poyera ndi pa nyumba ya bwalo la milandu ya pamsewu wa Chambers, imene idayamba kumangidwa mu 1861. Poyamba idayenera kudya madola 250,000. Koma idameza madola oposa 11 miliyoni, kuposa madola 7.2 miliyoni amene dziko la America lidalipira Russia pogula dera lonse la Alaska mu 1867. Wopaka pulasitala uja, Andrew Garvey, adalemera ndi makoma a nyumba imeneyi. Miyala ina yomangira inkachokera ku mgodi wa ku Sheffield, m'chigawo cha Massachusetts, umene Tweed yemweyo adali ndi dzanja lake.

Funso ndi lakuti, oyang'anira adali kuti?

Analipo, koma adali anthu omwewo. Mu 1870 Tweed adakankha lamulo latsopano loyendetsera mzinda, ndipo kuvomereza ngongole za khonsolo kudasiyidwa m'manja mwa anthu atatu: mfumu ya mzinda Oakey Hall, mkulu wa zachuma Richard Connolly ndi Tweed mwini wake. Fisi adapatsidwa khola kuti aziwerenga mbuzi.

Anthu atayamba kung'ung'udza, gulu la Tweed lidaitana akuluakulu a bizinesi olemekezeka, kuphatikizapo mpondamatiki John Jacob Astor III, kuti aone mabuku. Akuluakuluwa adasanthula kwa maola ochepa zimene adawaonetsa, n'kulengeza kuti zonse zili m'chimake. Sadafunse za mabuku amene sadawaonetse.

Zinthu zidasintha mu January 1871 pamene James Watson, amene ankasunga mabuku enieni a gululi, adamwalira atachita ngozi pa ngolo yoyenda pa chipale. Anthu ena achilendo adalowa mu ofesi ya zachuma n'kuyamba kukopera manambala mobisa. James O'Brien, mnzake wakale wa Tweed amene adali atayambana naye, adatengera mapepalawo ku nyuzipepala ya New York Times, ndipo mu July chaka chomwecho idayamba kuwasindikiza, dzina ndi dzina, dola ndi dola.

Komabe ambiri mwa omuvotera sankatha kuwerenga. Amenewa adawafikira ndi Thomas Nast, wojambula zithunzi zoseketsa m'magazini ya Harper's Weekly, amene sabata ndi sabata ankamujambula Tweed ndi chimimba chake, nthawi ina thumba la ndalama lili m'malo mwa mutu.

Adamunjata mu October 1871. Mlandu woyamba udathera m'malere, koma mu November 1873 adapezeka wolakwa ndipo adagamulidwa zaka 12. Mlanduwo udazengedwera m'nyumba yomwe ija, imene pa nthawiyo idali isadathebe kumangidwa. Bwalo lalikulu lidachepetsa chilangocho, koma atangotuluka adamugwiranso pa mlandu wofuna kuti abweze madola 6 miliyoni.

Pa 4 December 1875, ataloledwa kukaona banja lake, adathawa. Adadzera ku Cuba mpaka kukafika ku Spain, kumene adamugwira pa doko la Vigo mu 1876. Akuti apolisi a kumeneko adamuzindikira ndi chimodzi mwa zithunzi za Nast.

Atabwezedwa kwawo adaulula zambiri poganiza kuti amumasula, koma sizidatheke. Adamwalira ndi chibayo m'ndende ya Ludlow Street pa 12 April 1878, ali ndi zaka 55. Connolly adali atathawira kunja kalekale, ndipo Hall sadapezeke wolakwa. Komiti ya makhansala idati ndalama zobedwa zidali pakati pa madola 25 miliyoni ndi 45 miliyoni, ngakhale ena pambuyo pake adati zidafika 200 miliyoni.

Nyumba ija idatha mu 1881, mwini nkhani ali kale m'manda. Kwa zaka zambiri anthu ankaiona ngati chipsera pankhope ya mzinda, ndipo kangapo konse akuluakulu adafuna kuigwetsa. Mu 1974, mfumu ya mzinda ili Abraham Beame, maganizowa adafika pachimake: aigumule, amange maofesi atsopano. Nthawi ino anthu sadasiye nkhaniyo m'manja mwa akuluakulu okha. Okonda zinthu zakale adakana kwamtuwagalu, ponena kuti ulesi ndi umbava wa omanga si mlandu wa nyumbayo, ndipo khonsolo, imene panthawiyo idali pamavuto aakulu a zachuma, idabwerera m'mbuyo.

Mu 1984 nyumbayi idaikidwa pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi mzinda. Idakonzedwanso pakati pa 1999 ndi 2001, ndipo mu 2002 mudalowa likulu loyang'anira sukulu za boma mu New York. Mpaka lero anthu amangoitchula kuti Tweed Courthouse.