BENJAMIN DUGGAR: NKHALAMBA IMENE INAPEZA MANKHWALA M'DOTHI

Mvula yoyamba ikagwa ku Makandanyama m'mwezi wa Novembala, ndi kuzimitsa pfumbi la m'miseu, mumamva pfungo lokoma lotuluka m'nthaka. Yense wa inu alidziwa pfungo limeneli. Koma kodi munayamba mwafunsa kumene limacokera? M'dothi mumakhala tizamoyo tambirimbiri timene maso athu sangathe kutiona, ndipo mtundu wina wa tizamoyoti, wochedwa Streptomyces, ndiwo umatulutsa pfungolo. Mwa abale a mtundu umenewu munapezeka mankhwala amene aciritsa anthu osawerengeka. Munthu amene anawapeza anali nkhalamba ya zaka zoposa 70, dzina lace Benjamin Duggar.

Dotolo wa mbeu

Benjamin Minge Duggar anabadwa pa 1 Sepitembala 1872 ku Gallion, mudzi waung'ono wa m'cigawo ca Alabama ku Amereka. Dziko la kwao linali la minda ya thonje, ndipo atate wace anali dotolo wa anthu a kumidzi. Mwanayo sanatsate nchito ya atate wace yociza anthu, koma anasankha kuphunzira za matenda a mbeu. M'caka ca 1891 anatsiriza maphunziro ace oyamba pa sukulu ya zaulimi ya ku Mississippi. Kucokera kumeneko anapita ku Harvard, kenaka ku Cornell, kumene analandira ulemu wa udotolo wa maphunziro m'caka ca 1898. Anaolokanso nyanja kukaphunzira ku Germany.

Mudziwa kuti nsima yogona masiku angapo imacita cuku. Cuku ndi cinthu camoyo, mbale wace wa bowa, ndipo mitundu ina ya cuku imadwalitsa mbeu m'munda. Izi ndizo Duggar anazifufuza moyo wace wonse. Anaphunzira matenda a thonje, ndiponso nthenda imene imacititsa mawanga pa masamba a fodya. Anathandiza alimi kupeza mbeu yoyera ya bowa kuti azilima bowa monga alimira ndiwo zina. M'caka ca 1909 anatulutsa buku lalikulu lofotokoza matenda a mbeu odza ndi cuku, limene ophunzira a zaulimi analiwerenga zaka zambiri.

Anaphunzitsa m'masukulu akulu angapo. Kuyambira 1902 kufikira 1907 anali ku Missouri. Tikumbukire malo amenewa, pakuti tidzabwerako. Pomarizira anaphunzitsa ku Wisconsin kuyambira 1927 kufikira 1943, pamene anapuma pa nchito cifukwa ca ukalamba. Anthu ambiri akafika msinkhu wotere amakhala pakhonde ndi kuyang'ana adzukulu alikusewera. Koma kwa Duggar nchito yoposa zonse inali isanayambe.

Kufuna mankhwala m'dothi

Matenda ambiri a anthu amadza ndi tizirombo tochedwa mabakiteriya. Timalowa m'thupi ndi madzi oipa, ndi cakudya, ndi mpweya, kapena pa bala, ndipo m'menemo timaswana msangamsanga. Kale madotolo analibe mankhwala otha kutipha tisanaphe wodwalayo. M'caka ca 1928 Alexander Fleming wa ku London anaona kuti cuku cina cimatulutsa madzi opha mabakiteriya. Mankhwala ace ndiwo penicillin. M'caka ca 1943 anthu ena a ku Amereka anapeza streptomycin, wolimbana ndi cifuwa cacikulu, mwa tizamoyo ta m'dothi. Koma penicillin wa masiku amenewo anali ngati msampha wogwira nyama za mitundu yowerengeka. Tizirombo tina sanali kutikhudza konse. Madotolo anakhumba mankhwala onga ukonde, ogwira mitundu yambiri pamodzi.

Tsono m'caka ca 1944 kampani yopanga mankhwala ya Lederle, ya ku Pearl River m'cigawo ca New York, inaitana Duggar kuti adzathandize. Woyang'anira nchito yofufuza kumeneko anali Yellapragada SubbaRow, munthu wanzeru wocokera ku India. Iwo anadziwa kuti munthu amene wakhala ndi cuku zaka 50 adzazindikira zimene wacinyamata angazipitirire osaziona.

Nchitoyo inali yofuna kupirira. Anthu analikutumiza timapukusi ta dothi kucokera ku malo akutali ndi apafupi. Duggar ndi omthandiza anali kusungunula dothi pang'ono m'madzi, ndi kuwaza madziwo m'timbale tagalasi mokhala cakudya ca tizamoyo. Atadikira masiku, anali kuona timawanga tamitundumitundu titamera. Kawanga kali konse anali kukapatula, kukalera pa kokha, ndi kukayesa pafupi ndi mabakiteriya odwalitsa. Mabakiteriyawo akaleka kumera mozungulira kawangako, cinali cizindikiro cakuti kalikutulutsa mankhwala. Kawirikawiri panalibe kanthu. Nthawi zina mankhwala anapezeka, koma anali aululu woti nkupha ndi wodwala yemwe. Nkhalambayo inatsuka timbale ndi kuyambanso.

M'caka ca 1945 kunafika dothi locokera ku Missouri, kuja anaphunzitsa ali mnyamata. Analitumiza ndi William Albrecht, katswiri wa za nthaka, atalitapa m'munda woyeseramo mbeu wochedwa Sanborn Field, pa kacigawo ka nambala 23 pamene panali udzu. M'dothi limenelo munamera kawanga kacikasu, konga golide. Atakayesa, kanaletsa mitundu yambiri ya mabakiteriya, ngakhale imene penicillin anailephera. Duggar anakacha Streptomyces aureofaciens, ndiko kunena kuti kopanga golide, ndipo mankhwalawo anawacha Aureomycin. Pamenepo anali ndi zaka pafupifupi 73. Zoonadi, galu wamkota sakandira pacabe.

Musaganize tsono kuti dothi lenilenilo ndi mankhwala. Anthu anagwira nchito zaka zitatu kulera kanthuko m'mitsuko yaikulu, kusefa, kuyeretsa ndi kuyesa pa nyama, asanapatse munthu. Dothi lodyedwa limalowetsa njoka za m'mimba. Ndipo m'makomboni a Kabwe oyandikana ndi mgodi wakale, umene unatsekedwa m'caka ca 1994, dothi liri ndi mtobvu umene umaononga ubongo wa ana.

Nchito ya mankhwalawo

Aureomycin anaululidwa kwa madotolo m'caka ca 1948. Mmodzi wa odwala oyamba kumlandira anali mnyamata wa zaka 5 wa m'cipatala ca ku Baltimore, amene kathumbo kanamphulikira m'mimba, mafinya ndi kufalikira. Mankhwala ena onse anali atalephera. Makolo ace anabvomera kuti ayese mankhwala acikasu atsopanowo, ndipo mwanayo anacira.

Posacedwa kunaoneka kuti mankhwalawa aciza malungo odza ndi nsabwe, malungo odza ndi nkhupakupa, mitundu ina ya cibayo, ndi matenda ena a maso. Ubwino wina unali wakuti munthu anatha kungowameza, osalasidwa jekeseni. Pambuyo pace anapanga abale ace: oxytetracycline m'caka ca 1950, tetracycline m'caka ca 1953, ndi doxycycline m'caka ca 1967. Banja lonseli lichedwa la tetracycline, ndipo Aureomycin ndiye mwana wace woyamba. Mankhwalawa amalowa m'kati mwa bakiteriya ndi kumletsa kupanga zomangira thupi lace, kotero kuti sangathe kukula kapena kuswana. Pamenepo asilikali a m'mwazi mwathu amatsiriza nkhondoyo.

Kwathu kuno timakomana nao kawirikawiri. Mwana akabadwa m'cipatala, namwino amampaka m'maso mafuta a tetracycline kuti tizirombo tisamcititse khungu. Mafuta omwewo athandiza pa nthenda ya maso yochedwa trachoma, imene imafalikira ndi nchenche ndi manja osasamba. Nthendayi ikabwerezabwereza, zikope zimapindikira m'kati, tsitsi lace ndi kumakanda diso mpaka munthu aleka kupenya. M'caka ca 2022 Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse linabvomereza kuti dziko la Malawi lagonjetsa trachoma. Anapambana ndi mankhwala, makamaka ena ochedwa azithromycin ndi mafuta a tetracycline kwa makanda, komanso ndi kusamba kumaso, zimbudzi zabwino, ndi opaleshoni ya zikope. Pa mliri wa kolera umene unayamba m'Zambia mu Okutobala 2023, nucedwetsa kutsegulira masukulu mu 2024, doxycycline ndiwo amodzi a mankhwala opatsidwa kwa odwala kwambiri. Koma cimene cimapulumutsa moyo pa kolera ndico kubwezera madzi m'thupi. Mbulu za mankhwala zimangofupikitsa nthendayo.

Mpeni wakuthwa

Mpeni wakuthwa umathandiza mwini wace, koma umamcekanso akaugwira mosasamala. Popita zaka madotolo anazindikira zobvuta za mankhwalawa, ndipo nkofunika kuti inu muzidziwe.

Tetracycline amakonda kumamatira ku mafupa ndi mano amene alikukula. Mwana wosafika zaka 8 akamamwa, mano ace acikulire amaturuka acikasu kapena otuwa, ndipo mtunduwo sucoka ngakhale atsukidwe cotani. Cimodzimodzi mai wapakati akamwa, mankhwala amafika kwa mwana ali m'mimba. Cifukwa cace mai wotere, kapena woyamwitsa, ayenera kuuza dotolo asanalandire mankhwala. Ndipo dotolo yekha ndiye angaweruze ngati mwana wamng'ono ayenera kupatsidwa doxycycline masiku owerengeka.

M'matumbo mwathu muli mabakiteriya abwino amene amatithandiza. Ukonde ukakoka susankha nsomba. Momwemonso mankhwala opha mitundu yambiri amapha abwino pamodzi ndi oipa. Ndico cifukwa cace ena akamwa amacita nseru, amatsegula m'mimba, kapena amaturuka zoyera m'kamwa. Ena khungu lao limapsa msanga ndi dzuwa. Munthu akaona zidzolo, kutupa kwa nkhope, kapena kubanika, aleke kumwa ndi kuthamangira ku cipatala.

Pomeza mbulu imeneyi mumwere kapu yodzaza ya madzi, muli cikhalire kapena ciriri, ndipo musagone nthawi yomweyo, pakuti ikaima pakhosi imaocha. Musamwere mkaka, cifukwa mkaka umamanga mankhwalawo m'mimba kuti asalowe m'mwazi. Mapiritsi oonjezera mwazi ndi mankhwala a cilungulira amatero omwe. Papite maora awiri kapena atatu pakati pao. Makapisozi akale opitirira tsiku lace ngoopsa: m'zaka zoyamba za m'ma 1960 anthu ena anaonongeka impso cifukwa ca tetracycline wosungidwa nthawi yaitali.

Mphamvu imene ingathe kutayika

Pali coopsa cina coposa zonsezi. Mabakiteriya akakomana ndi mankhwala kawirikawiri, ofoka amafa, koma olimba amatsala ndi kubala anzao olimba. Kale m'caka ca 1953, Duggar akali moyo, ku Japan anapeza tizirombo ta kamwazi timene tetracycline sanathe kutigonjetsa. Pa kampani ya Lederle pomwepo, Thomas Jukes ndi anzace anaona kuti anapiye odya zotsalira za Aureomycin amakula msanga, ndipo kuyambira 1950 alimi ambiri anayamba kuthira mankhwalawa m'cakudya ca nkhuku ndi nkhumba zosadwala. Mabakiteriya olimba anacuruka, mpaka m'caka ca 2006 maiko ogwirizana a ku Ulaya analetsa kupatsa ziweto mankhwala otere pofuna kungozinenepetsa. Lero matenda ena amene tetracycline anali kuwaciza mosabvuta samumvanso.

Ifenso timathandiza mabakiteriya pamene tigula makapisozi awiri pa msika kwa munthu wosaphunzira za mankhwala, pamene timwa otsala a mnzathu, kapena pamene tileka kumwa tisanatsirize masiku amene dotolo ananena. Timawathandizanso pomwa makapisozi cifukwa ca cimfine, pakuti cimfine cimadza ndi mavairasi, tizirombo ta mtundu wina timene mankhwalawa satikhudza ai.

Duggar anagwirabe nchito yofufuza kufikira pafupi ndi imfa yace. Anamwalira pa 10 Sepitembala 1956 ku New Haven, ali ndi zaka 84. Sanacize munthu ndi manja ace monga atate wace, koma kupirira kwace kunaciza anthu a m'maiko amene iye sanapondemo. Mankhwala amene anawapeza ndi cisamaliro cotere afunika kugwiritsidwa nchito ndi cisamaliro comweco. Mng'ono wanu akadwala, ndipo wina akatenga makapisozi otsala m'kabati kuti ampatse, mufotokozere akulu mwaulemu zimene mwaphunzira, ndi kuwapempha kuti apite naye ku cipatala.

Mafunso

1. Kodi Duggar anagwira nchito yanji asanayambe kufuna mankhwala?
2. Fotokozani m'mene anali kuyesera dothi.
3. Cifukwa ninji mwana wa zaka 6 sayenera kumwa tetracycline popanda lamulo la dotolo?
4. Chulani njira zitatu zimene anthu amalimbitsira mabakiteriya.