David Bruce, Wofufuza Kaodzera

David Bruce, dokotala wa asilikali a Britain, anabadwa mu 1855. Ku Malta, mu 1887, anapeza kachilombo ka nthenda imene pambuyo pake inadziŵika kuti imafala ndi mkaka wa mbuzi wosaphitsa. Ku Zululand anaonetsa kuti kashembe ndiye amafalitsa nthenda yopha ng'ombe. Mu 1911 anatumizidwa kuno kwathu, nafufuza kaodzera paphiri la Kasu kufikira 1914.

Pophunzitsa timakonda kuiŵala mkazi wake, Mary, amene ankayeza naye magazi pa maikulosikopu. Aŵiriwo anamwalira mu 1931, mosiyana masiku anayi okha.

Inu okaphunzitsa ku Chileka ndi Lirangwe, kumene ana amaŵeta mbuzi ndi ng'ombe, yambirani phunziroli pa mkaka. Dzina la Bruce libwere pambuyo.